Kupeza kukula kwa munda wa ngodya zitatu pogwiritsa ntchito sine

Minda ndi madimba ambiri kuno ku Mangochi si a makona anayi owongoka bwino. M'mbali mwa Shire, kuchokera pamene mtsinjewu watuluka m'nyanja mpaka kukalowa mu Malombe, dimba limatsata madzi. Kwina njira ya ng'ombe yadula munda chopingasa n'kusiya kachidutswa kosongoka, kwinanso malire anaikidwa kalekale potsata mitengo itatu ya mgwalangwa. Malo oterewa akafunika kudziwika kukula kwake, kaya ndi pobwereketsa, pogula mbewu kapena powerengera feteleza, anthu amangoyerekeza ndi maso, pamene masamu a kusekondale ali ndi njira yaifupi yopezera yankho lenileni. Ndalemba malangizowa ndikuganizira anthu awiri: wophunzira amene akukonzekera mayeso a MSCE, ndi mlimi amene ali ndi tepi, chingwe ndi foni. Onsewa njira yawo ndi imodzi.

Kupulayimale tinaphunzira kuti kukula kwa triangle ndi theka la tsinde kuchulukitsa ndi kutalika. Lamuloli ndi loona pa triangle iliyonse, koma vuto ndi kutalikako. Kutalika kofunika apa si mbali yopendekeka ya munda ayi, ndi mzere wochoka pa nsonga n'kukagunda tsinde pa madigiri 90. Mzere umenewu sudutsa m'malire, umadutsa pakati pa munda, ndipo pakatipo pakhoza kukhala matope ofika m'mawondo, mpunga wotsala pang'ono kucha, chulu kapena nyumba. Ngakhale patakhala poyera, kupeza ndi maso okha pamene mzerewo ukugunda tsinde pa madigiri 90 enieni n'kovuta. Ubwino wa trigonometry ndi wakuti imakupatsani kutalikako inu muli m'malire, osaponda pakati pa munda. Chimene mukufuna ndi mbali ziwiri ndi ngodya imene ili pakati pa mbalizo.

Kumene fomula ikuchokera

Musadumphe chigawo chino. Amene waona kumene fomula yachokera saiiwala, ndipo akaiiwala amaipanganso yekha pakona pa pepala.

Jambulani triangle, nsonga zake muzitche A, B ndi C. Mwa chizolowezi cha masamu, mbali yoyang'anizana ndi ngodya A imalembedwa ndi kachilembo kakang'ono a, yoyang'anizana ndi B imakhala b, yoyang'anizana ndi C imakhala c. Mukayang'anitsitsa muona kuti mbali a ndi mbali b zonse zikuchoka pa C, ndiye kuti ngodya C ili pakati pa mbali ziwirizi.

Mbali a ikhale tsinde. Kuchokera pa A tsitsani mzere wokagunda tsindelo pa madigiri 90, muutche h. Tsopano mkati mwa triangle yaikulu mwaoneka ina yaing'ono yokhala ndi ngodya ya madigiri 90. Hypotenuse yake, mbali yaitali koposa ija, ndi b, ndipo h wayang'anizana ndi ngodya C. Sine ya ngodya ndi mbali yoyang'anizana nayo kugawa ndi hypotenuse, choncho sin C = h ÷ b. Mukachulukitsa uku ndi uku ndi b mupeza kuti h = b × sin C. Pamene panali kutalika m'lamulo lakale lija ikanipo zimenezi:

Kukula = ½ × a × b × sin C

Fomula yonse ndi imeneyo. Ndi theka la tsinde kuchulukitsa ndi kutalika lomwe lija, kungoti kutalikako kwalembedwa ngati b × sin C. M'mabuku muipezanso italembedwa ½ bc sin A kapena ½ ac sin B. Musaloweze zitatu, ndi chinthu chimodzi: mbali ziwiri, ndi ngodya imene zakumanirana.

Kuti muone ndi maso chifukwa chake ngodya ili yofunika chotere, dulani mabango awiri muwamange pamodzi kunsonga imodzi ndi mphira. Limodzi ligonekeni pansi, lisasunthe. Linalo muzilitsegula pang'onopang'ono, uku mukuyang'ana malo a pakati pa mabangowo ngati kuti nsonga zake zalumikizidwa ndi ulusi. Poyamba malowo ndi kamzere chabe. Mukamatsegula amakula, mpaka bango lachiwiri litaima pa madigiri 90, pamene nsonga yake yatalikirana kwambiri ndi mzere wa bango loyamba. Mukapitiriza kutsegula nsongayo iyambanso kutsika, malo aja n'kumachepa, mpaka mabango onse atagona mzere umodzi popanda malo alionse pakati. Utali wa mabango sunasinthe, koma malo asintha ulendo wonse. Sine imayenda chimodzimodzi: sin 0° ndi 0, sin 30° ndi 0.5, sin 60° ndi 0.8660, sin 90° ndi 1, kenako sin 120° ibwerera pa 0.8660, sin 150° pa 0.5, sin 180° pa 0.

Kumunda

Mufunika tepi ya mamita 30 kapena 50, imene amisiri omanga nyumba amakhala nayo, zikhomo zisanu, chingwe, kope, kakyuleta ndi mnzanu wogwira mbali ina ya tepi. Ngati tepi palibe, yezani chingwe kunyumba ndi rula, muzimanga mfundo pa mita iliyonse. Chingwecho chisakhale chotanuka, ndipo muchiyeze chili chokoka monga mmene mukachikokere kumunda.

Yambani ndi kukhoma zikhomo pa ngodya zitatu za munda. Ngati mwachita malire ndi anthu, aitaneni aone pamene mukukhoma, chifukwa masamu angakhale olondola bwanji sakonza chikhomo chimene chakhomedwa m'munda mwa eni ake. Mukatero jambulani mundawo m'kope mwachisawawa, muike zilembo pa ngodya. Nambala iliyonse mukayeza muziilemba pa chithunzicho nthawi yomweyo, pamalo pake penipeni. Manambala olembedwa mumndandanda pambali amasokoneza mukafika kunyumba, simudziwanso kuti 62 anali wa mbali iti.

Kenako sankhani ngodya yoti muyezerepo. Mwa ngodya zitatuzo iliyonse ingagwire ntchito, koma sizidalirika mofanana. Sankhani imene mbali zake ziwiri zikuyendeka bwino, ndipo ngati n'kotheka ikhale yoyandikira madigiri 90. Chifukwa chake ndi ichi. Kumunda n'kosavuta kuphonya ndi madigiri awiri. Pa ngodya ya madigiri 90, kuphonya koteroko kumasintha sine kuchoka pa 1 kufika pa 0.9994, kusiyana kosaoneka n'komwe. Koma pa ngodya yosongoka ya madigiri 20, sine ndi 0.3420, pamene ya madigiri 22 ndi 0.3746. Apa madigiri awiri omwewo akuza munda ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi. Nsonga yopyapyala ya munda ipeweni ngati pali pena poimapo.

Ngodya mwasankhayo tiitche C. Yezani mbali ziwiri zochoka pa C, kuchokera pachikhomo kukafika pachikhomo. Mbali ikakhala yaitali kuposa tepi, mnzanu aime pachikhomo chakutsogolo kuti muziyenda molunjika kwa iye, apo ayi mudzakhota n'kuwonjezera mamita amene kulibe. Pamalo otsetsereka, monga kumapiri a ku Namwera, tepi isagone motsata chitunda. Igwireni yopingasa mofanana, muziyeza pang'onopang'ono, mamita asanu kapena khumi pa ulendo umodzi, chifukwa kukula kwa malo kumawerengedwa ngati kuti malowo ndi athyathyathya. Tinene kuti m'chitsanzo chathu mbali imodzi yatuluka mamita 84, ina mamita 62.

Tsopano ngodya, pamene ambiri amagwa ulesi poganiza kuti pakufunika chida chodula. Sichikufunika. Protractor ya m'bokosi la masamu ndi yaing'ono kwambiri pa ntchito ya kumunda, ndipo kampasi ya pafoni imasocheretsedwa ndi zitsulo zimene zili pafupi, monga khasu, njinga kapena malata. Tepi yomweyo ikwanira. Kuchokera pa C yezani mamita 10 motsata mbali yoyamba, mukhome chikhomo. Yezaninso mamita 10 motsata mbali yachiwiri, mukhome china. Onetsetsani kuti zikhomo ziwirizi zili pamzere weniweni wa malire: gwadani kumbuyo kwa chikhomo cha pa C, mutsinzine diso limodzi, chikhomo chatsopanocho chibise chija chakutali. Mukakhutira, yezani mtunda wa pakati pa zikhomo ziwiri zatsopanozi, mpaka masentimita ake. Tinene kuti mwapeza mamita 8.45.

Mwapanga katriangle ka mbali ziwiri zofanana, 10 ndi 10. Mukakadula pakati kuchokera pa C, kagawika timatriangle tiwiri tokhala ndi ngodya ya madigiri 90. Kalikonse kali ndi hypotenuse ya mamita 10, theka la ngodya C, ndi theka la mtunda uja moyang'anizana nalo. Ndiye kuti sine ya theka la ngodya ndi theka la mtunda kugawa ndi 10, komwe n'chimodzimodzi kugawa mtunda wonse ndi 20. Choncho 8.45 ÷ 20 = 0.4225. Pakakyuleta dinani SHIFT kenako sin, kuti patuluke sin⁻¹, mulembe 0.4225. Ipereka 24.99. Limeneli ndi theka chabe, chulukitsani ndi 2, mupeza madigiri 50 mukazungulitsa. Pofuna kudziyesa msanga, kumbukirani kuti mtundawo ukakhala mamita 10 ngodya ndi madigiri 60, ukakhala 14.14 ndi madigiri 90, ukakhala 17.32 ndi madigiri 120.

Musanawerengere kalikonse, yesani kakyuleta yanu. Lembani sin 30. Ikapereka 0.5 zili bwino. Ikapereka −0.988 ndiye kuti ili pa radian, ikapereka 0.454 ili pa grad (iyi ndi miyeso ina ya ngodya, si madigiri), ndipo yankho lililonse limene ingakupatseni likhala lolakwa. Pa kakyuleta za Casio zimene ophunzira ambiri amagwiritsa ntchito, pamwamba pa sikirini payenera kuoneka kachilembo D. Pakaoneka R kapena G, pitani pa MODE kapena SETUP musankhe Deg. Pafoni mabatani a sin ndi cos amaoneka mukatsegula mbali ya sayansi ya kakyuleta, ndipo pali batani losinthira pakati pa Deg ndi Rad. Kuyesa kumeneku kuchitike ndi sin⁻¹ ija isanadinidwe, chifukwa nayonso imatsata zomwezo. Wophunzira wobwereka kakyuleta m'mawa wa mayeso, ichi chikhale choyamba kuchita akangokhala pansi.

Tsopano kuwerengera kwake:

Kukula = ½ × 84 × 62 × sin 50°
84 × 62 = 5,208
Theka lake ndi 2,604
sin 50° = 0.7660
2,604 × 0.7660 = 1,995 tikazungulitsa

Mundawo ndi masikweya mita 1,995. Ngati mukufuna kuona kutalika kuja kumene simunakuyeze, ndi 62 × 0.7660, mamita 47.5. Theka la 84 kuchulukitsa ndi 47.5 likupatsaninso 1,995.

Sine musaifupikitse msanga. Wina akaona 0.7660 amati ndingolemba 0.8, koma 2,604 × 0.8 ndi 2,083, wawonjezera masikweya mita 88 popanda chifukwa. Sungani manambala anayi a kumanja kwa kadontho, muzungulitse pa yankho lomaliza pokha.

Kumudzi munthu sanena za masikweya mita, amanena maekala. Ekala imodzi ndi masikweya mita pafupifupi 4,047, hekitala ndi 10,000, ndipo hekitala imodzi ndi maekala pafupifupi 2.47. Munda wathu ndi 1,995 ÷ 4,047 = 0.49, kutanthauza theka la ekala kupereweza pang'ono, kapena mahekitala 0.2. Nambalayi ikadziwika, zina zimatsata. Mukabzala chimanga mbewu imodzi paphando, mizere yotalikirana masentimita 75 ndi mapando otalikirana masentimita 25, phando lililonse limatenga 0.75 × 0.25 = 0.1875 ya sikweya mita. M'munda muno mulowa mapando pafupifupi 10,600, ndipo pa hekitala yathunthu ndi 53,333. Mlingo wa feteleza umene alangizi amapereka pa hekitala, inu mungotengako gawo limodzi mwa magawo asanu.

Zolakwa ziwiri zodya ndalama ndi mamalikisi

Cholakwa chimene chimandikhudza kwambiri ndi cha kumudzi. Munthu amayeza mbali ziwiri, kuchulukitsa, kugawa pakati, n'kunena kuti ndiko kukula kwa munda. Njirayi imalondola pokhapokha ngodya ya pakati ikakhala madigiri 90, pakuti sin 90° ndi 1. Pa ngodya ina iliyonse imakuza munda, siuchepetsa. M'chitsanzo chathu ikanapereka 2,604 m'malo mwa 1,995, kuwonjezera masikweya mita 609 amene kulibe, pafupifupi 30 pa 100 iliyonse. Wobwereka munda pa mtengo wa ekala akanalipira malo a mumphepo, ndipo wopereka ganyu yolima akanakangana ndi waganyu onse akuona ngati akunena zoona. Sikuti pali wofuna kubera mnzake, n'kusadziwa chabe kuti ngodya nayo ili ndi gawo.

Koma 2,604 ameneyu ali ndi ntchito yake. Popeza sine sipitirira 1, yankho lanu silingapose theka la mbali ziwirizo zitachulukitsidwa. Mukapeza nambala yoposa pamenepo, kapena yokhala ndi chizindikiro chochotsera kutsogolo, bwererani, pali pamene padinidwa molakwa.

Chachiwiri chimachitika kwambiri m'mayeso: kutenga ngodya imene siili pakati pa mbali ziwirizo. M'munda wathu uja ngodya ya pa A ndi pafupifupi madigiri 83. Wina akaitenga n'kuiphatikiza ndi 84 ndi 62 apeza pafupifupi 2,585, nambala yooneka bwinobwino koma yolakwa. Musanalembe fomula ikani chala pa ngodya mukufuna kugwiritsa ntchitoyo, mutsate mizere iwiri yochoka pamenepo. Mbali zimenezo ndi zokhazo zololedwa kulowa m'fomula limodzi ndi ngodyayo.

Ngodya yoposa madigiri 90 isakuopseni. Kutalika kwake kumagwera kunja kwa triangle, pa mzere wa tsinde mutautalikitsa, koma fomula sisintha chifukwa sin (180° − x) ndi yofanana ndi sin x. Munda wa mbali za mamita 45 ndi 70 zokumana pa madigiri 130 ndi ½ × 45 × 70 × sin 130°. Theka la 3,150 ndi 1,575, sin 130° ndi 0.7660 yomwe ija ya madigiri 50, yankho ndi masikweya mita pafupifupi 1,207. Kakyuleta imalandira 130 mwachindunji. Amene akugwiritsa ntchito matebulo a masamu, amene amalekeza pa madigiri 90, achotse 130 mu 180 ayang'ane 50.

Munda wa mbali zinayi zosafanana

Apa ndi pamene njirayi imathandiza anthu ochuluka, pakuti minda ya ngodya zitatu ndi yochepa poyerekeza ndi ya mbali zinayi zokhotakhota. Munda wotere ngodya zake zitcheni A, B, C ndi D mozungulira. Yerekezani mzere wodutsa pakati kuchokera pa B kukafika pa D. Simufunika kuuyenda, ungokhala pa chithunzi. Mzerewu wagawa munda kukhala matriangle awiri, ina ili ndi ngodya A, ina ili ndi ngodya C. Yezani mbali zonse zinayi, muyezenso ngodya ziwiri zoyang'anizanazi ndi njira ya mamita 10 ija.

Tinene kuti AB ndi mamita 90, AD ndi 70, ngodya A ndi madigiri 80, ndipo CB ndi 75, CD ndi 85, ngodya C ndi madigiri 81. Triangle yoyamba ndi ½ × 90 × 70 × sin 80°, ndiko kuti 3,150 × 0.9848 = 3,102. Yachiwiri ndi ½ × 75 × 85 × sin 81°, ndiko kuti 3,187.5 × 0.9877 = 3,148. Kuphatikiza, munda wonse ndi masikweya mita 6,250, ekala imodzi ndi theka kupitirira pang'ono.

Pali njira yabwino yodziwira ngati mwayeza molondola. Mzere BD uli m'matriangle onse awiri, choncho mukauwerengera kuchokera uku ndi uku uyenera kufanana. Gwiritsani ntchito lamulo la cosine, lakuti c² = a² + b² − 2ab cos C. Kuchokera kwa A, BD² = 8,100 + 4,900 − 12,600 × 0.1736, ndipo BD atuluka mamita 104.0. Kuchokera kwa C, BD² = 5,625 + 7,225 − 12,750 × 0.1564, BD atuluka 104.2. Kusiyana kwa masentimita 20 pa mtunda wotere n'kovomerezeka. Mukasiyana ndi mamita angapo, ngodya imodzi kapena mbali imodzi sinayezedwe bwino, kayezeninso. Munda wa mbali zisanu kapena kuposa umagawidwanso chimodzimodzi, matriangle amangochuluka. Malire okhota motsata mtsinje adulenidulenini ndi zikhomo zoyandikana kuti chigawo chilichonse chikhale chowongoka.

Kuyeza kumeneku n'kokuthandizani pa ulimi ndi pomvana ndi anzanu. Pa nkhani yolembetsa malo kapena mlandu wa malire pamafunika akatswiri opima malo ovomerezeka ndi boma.

Funso likabwera mozondoka

M'mayeso sakupatsani nthawi zonse mbali ziwiri ndi ngodya yapakati. Nthawi zina muyenera kuzipeza kaye.

Akakupatsani mbali imodzi ndi ngodya ziwiri, yambani ndi ngodya yachitatu, popeza zonse zitatu zimakwana madigiri 180. Mu triangle PQR tinene kuti QR ndi masentimita 12, ngodya Q ndi 40° ndipo R ndi 65°. Ndiye kuti P ndi 75°. Lamulo la sine limati mbali iliyonse kugawa ndi sine ya ngodya yoyang'anizana nayo zimapereka nambala imodzi pa mbali zonse zitatu. QR wayang'anizana ndi P, PQ wayang'anizana ndi R, choncho PQ = 12 × sin 65° ÷ sin 75° = 12 × 0.9063 ÷ 0.9659 = 11.26. Tsopano muli ndi PQ ndi QR, zokumana pa Q. Kukula ndi ½ × 12 × 11.26 × sin 40°, ndipo sin 40° ndi 0.6428, yankho ndi masikweya sentimita 43.4.

Akakupatsani mbali zonse zitatu popanda ngodya, lamulo la cosine likupezerani ngodya. Mbali zikhale 50, 70 ndi 80. Ngodya ya pakati pa 50 ndi 80 yayang'anizana ndi 70, choncho cosine yake ndi (2,500 + 6,400 − 4,900) ÷ (2 × 50 × 80) = 4,000 ÷ 8,000 = 0.5, kutanthauza madigiri 60. Kukula ndi ½ × 50 × 80 × 0.8660 = 1,732. Palinso fomula ya Heron wa ku Alexandria, amene anakhala ndi moyo m'zaka 100 zoyambirira Yesu atabadwa, imene sifuna ngodya n'komwe. Phatikizani mbali zonse mutenge theka, apa ndi 100. Mu 100 chotsani mbali iliyonse payokha, mupeza 50, 30 ndi 20. Chulukitsani 100 × 50 × 30 × 20 = 3,000,000, mutenge square root yake (batani la √ pakakyuleta), ndi 1,732 yemweyo. Kwa mlimi amene mbali zonse zitatu za munda wake zikuyendeka, njira ya Heron ndi yabwino kwambiri, ndipo ndimalangiza kuchita zonse ziwiri kuti ina itsimikize inzake. Ya sine imaposa pamene mbali yachitatu ili m'madzi kapena m'mabango mosalowereka.

Funso limene limakola ambiri ndi lopatsidwa kukula n'kufunsidwa ngodya. Mbali ndi masentimita 8 ndi 12, kukula ndi masikweya sentimita 24. Lembani 24 = ½ × 8 × 12 × sin C, ndiye 24 = 48 sin C, choncho sin C = 0.5. Kakyuleta ikuuzani 30°, koma 150° nayonso sine yake ndi 0.5, monga tinaonera ndi mabango aja. Werenganinso funsolo. Likanena kuti ngodyayo ndi acute (yochepera madigiri 90) lembani 30°, likati obtuse (yoposa madigiri 90) lembani 150°, likapanda kunena ndipo chithunzi palibe, perekani onse awiri.

Polemba yankho onetsani fomula, mzere woika manambala, ndi yankho lokhala ndi cm² kapena m², chifukwa njira nayo imapatsidwa mamalikisi ngakhale nambala yomaliza itaphonyeka. Mbali imodzi ikaperekedwa m'mamita ina m'masentimita, zifananitseni musanachulukitse, ndipo kumbukirani kuti sikweya mita imodzi ndi masikweya sentimita 10,000, osati 100.

Yesani ili panokha musanayang'ane yankho. Dimba lili ndi mbali za mamita 36 ndi 55 zochoka pa ngodya imodzi. Mwakhoma zikhomo pa mamita 10 mbali zonse ziwiri, ndipo pakati pake mwapeza mamita 12.86. Ngodya iyenera kutuluka madigiri 80, kukula kwake masikweya mita 975, kotala ya ekala kupereweza pang'ono. Mukapeza 636 ndiye kuti mwaiwala kuchulukitsa theka la ngodya ndi 2, ndipo mukapeza 990 mwasiya sine.